Muyeso wa Fatsani

Sendezani mbaulayo kuno, magetsi awa sabwera msanga. Mwandivutitsa mokwanira inu a chaka choyamba, kufunsa chifukwa chimene filimu ya gulu lathu mulibe m'kabati ya aphunzitsi a Zembani pamodzi ndi za anzathu. Ena mukuti inali yonyansa, ena mukuti tinachita kukopera. Lero ndikuuzani, koma wina akangoseka ndisiyira pomwepo.

Ntchito yake inali yomweyi mwapatsidwa inuyi: kujambula mphindi zitatu zoyambirira za filimu yoopsa, yoti woonera agwiritse mpando, kenako n'kulemba lipoti lofotokoza mmene tinagwirira ntchitoyo ndi zomwe tinalakwitsa. Mu lipoti lathu tinalemba kuti cholakwa chachikulu chinali kuika kamera pansi kwambiri. Limenelo si bodza, koma si nkhani yonse.

Tinali atatu. Ine Sungeni ndinali pa kamera. Lonjezo anadzisankha yekha kukhala wotsogolera, mnyamata wobadwira m'tauni amene mudzi ankangouonera pawindo la basi, koma pakamwa ngati anaumba dziko ndi iye. Wachitatu anali Fatsani, wamtali ngati mzati wa magetsi, wosalankhulalankhula. Zipangizo zathu zinali kamera imodzi ya pasukulu pano ndi foni ya Lonjezo yotapira mawu. Choikapo kamera cha miyendo itatu chija anali atatenga a gulu lina.

Tinagwirizana kuti filimuyo iyambe ndi maliro. Munthu wagona pamphasa atafunditsidwa nsalu yoyera, pakhomo pali zii, kenako dzanja la malemuyo n'kugwedezeka. Fatsani anati tipite kwawo, kuseri kwa Linthipe, kunyumba ya azakhali ake a Nankhoma. Iwo ndi amene anamulera makolo ake atamwalira iye akukwawa. Nyumbayo ili payokha kumapeto kwa mudzi, m'mbali mwa kamsewu kafumbi kopita kuminda. Fatsani yemweyo anavomera kukhala malemu, poti pa atatufe ndi amene ankatha kukhala duu osaseka.

Tinafika Lachisanu madzulo. A Nankhoma anali mayi wamfupi, wakhungu lothina, woyenda mwachangu ngati nthawi zonse pali chimene chikupserera. Anatilandira bwino, koma za filimuzo sitinawafotokozere mwatchutchutchu. Fatsani anangoti tabwera kudzajambula za kusukulu. Loweruka m'mawa iwo anasenza thumba la chimanga kupita kuchigayo, ife n'kuti mpata ndi umenewu.

Tinayesa kujambula kawiri, Lonjezo akungopukusa mutu. Ankati sizikuoneka ngati maliro, zikungooneka ngati munthu waulesi wagona masana. Apa ndivomere mlandu wanga tsopano, chifukwa pambuyo pake ndinauponyera aliyense kupatula ine mwini. Amene anatchula za masamba ndi ine. Ndinakulira kumudzi, ndikudziwa kuti pakagwa zovuta anthu amayala nthambi zaziwisi pamsewu, uku ndi uku kwa nyumbayo, kuti wapanjinga atsike, wachipewa avule, wagalimoto ayende pang'onopang'ono. Ndinkadziwanso kuti zimenezi si zoseweretsa. Koma ndinkafuna malikisi, komanso ndinkafuna Lonjezo aone kuti nanenso mutu ndili nawo.

Ndinathyola nthambi za keshya kuseri kwa nyumba n'kuziyala ndekha, mzere umodzi kumtunda, wina kumunsi. Lonjezo anavina ndi chimwemwe. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Titajambula masambawo, tinalowa m'nyumba. Kamera ndinaiika pamtondo wa a Nankhoma, nditauvundikira pakona pa chipinda chochezera. Fatsani anagona pamphasa, tinamufunditsa shiti yoyera ya pabedi panga yomwe ndinachoka nayo kuhositelo kuno. Lonjezo anakweza dzanja kuti tiyambe, ine n'kudina.

Pomwepo pakhomo panamveka mawu. "Odi pasiwa."

Sitinamve munthu akubwera. Kunali Okutobala, masamba ouma ali mbwee pabwalo, moti ngakhale nkhuku ikamayenda inkamveka. Koma munthu uyu anali ataima kale pakhomo, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kwake, pakhonde, panatsamira njinga yakale yakuda, pakaliyala atamangapo khasu ndi luzi. Chimene ndinaona, ndipo mpaka lero ndimachiona, n'chakuti khasulo linali ndi dothi lofiira lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe.

Ndinafuna kuzimitsa kamera, koma Lonjezo ananditsina pamkono n'kundilozera kuti ndisiye. Munthu uja analowa, nagwada pambali pa mphasa. M'dzanja lina anali ndi bango lalitali. Analigoneka m'mbali mwa Fatsani, kuyambira kuchidendene mpaka kumutu, nalikankha pang'ono kuti lilingane bwino, kenako anadula pamene panatsalira ndi kampeni. Ankachita modekha, ngati munthu amene ntchitoyo anaizolowera kalekale. Ine ndinazindikira. Umu ndi mmene adzukulu, anthu okumba manda aja, amatengera muyeso kuti dzenje lisachepe kapena kukula.

Munthuyo atadzuka, Lonjezo ndiye anatsegula pakamwa, akumwetulira. "Bambo, pepani, musadandaule. Ili ndi sewero chabe, mnzathuyu ndi wamoyo."

Munthu uja sanamuyang'ane n'komwe. Anangoti, "Masamba ndawaona." Anatuluka, nakankha njinga yake mpaka kupyola nthambi zakumunsi zija. Nditasuzumira pakhomo, kamsewu kanali mbee, kopanda munthu, chikhalirecho ndi koongoka mpaka kudambo.

Fatsani anavundukula shiti ija akuseka monyinyirika. "Ndani amandigunditsa chinthu chozizira? Lonjezo, masewera amenewo ayi."

Lonjezo anali akudumphadumpha, akuti tapeza wosewera waulere, filimu yathu palibe aipose. Ine ndinamuyang'anitsitsa. Anakondwa mopitirira, ndipo mumtima mwanga ndinati ameneyu wachita kumulemba ganyu munthu uja kuti atidzidzimutse, nkhope zathu zioneke za mantha enieni. Ndi khalidwe lake. Anakana, nalumbira kutchula mayi ake, koma munthu amene amalumbira tsiku ndi tsiku umamukhulupirira bwanji?

Tili mkati mokangana tinamva kulira kumsewu. Anali a Nankhoma. Pochokera kuchigayo anaona masamba pakhomo pawo pomwe, thumba la ufa linagwa kuchoka pamutu n'kuphulika, iwo akuthamanga manja ali kunkhongo, akuitana dzina la Fatsani. Atamuona ataima pakhonde wamoyo, anangokhala pansi pafumbi. Anakhala choncho nthawi yaitali, akupuma movutikira. Kenako anafunsa ndi mawu otsika kuti wayala masambawo ndani. Ine ndinkayang'ana zala zakuphazi.

"Alipo wabwera?" anafunsanso.

Fatsani anawafotokozera za munthu wa bango uja. A Nankhoma sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Ananyamuka, napita okha kukachotsa nthambi zija, nazitaya kudzala. Pobwerako anangoti, "Ana inu, mwaitana. Oitanidwa sabwerera chimanjamanja." Madzulo ake ndinafunafuna shiti yanga ija kuti ndiipinde, koma sinapezeke. Lonjezo anati anaisiya pampando, Fatsani anati anaiona pachingwe.

Lamulungu m'mawa ndinatuluka kukasukusula, ndipo ndinaima ndi kapu m'manja. Masamba anali pamsewu, mzere kumtunda, mzere kumunsi, pamalo omwe aja. Anali aawisi, mame ali waliwali. Ndinathamangira kudzala, ndipo ndinapeza adzulo aja ali pomwepo, atafota. Ndinazungulira mitengo yonse ya keshya kufuna pamene pathyoledwa chatsopano, koma mabala anali anga okha a dzulo.

Ndinakamudzutsa Lonjezo ndi mawu osakoma. Iye anatembenuza nkhani, akuti amene amadziwa zoyala masamba pagululi ndi ine, iye ngakhale mtengo wa keshya saudziwa. Tikukokanakokana choncho tinazindikira kuti Fatsani sanadzuke. Munthu amene kwawo amalawirira kukatunga madzi a azakhali ake anali chigonere, chagada, manja ali m'mbali, ndendende mmene anagonera pamphasa paja. Titamugwedeza anatsegula maso n'kunena kuti sakumva kupweteka paliponse, kungoti tulo. Mapazi ake anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje.

Tinamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, anamumvetsera pamtima, osapeza kanthu. Anati mwina ndi kutopa ndi kutentha, akapume ndipo azimwa madzi ambiri. Pobwerera tinapeza amayi atatu atakhala pakhonde, atamanga zitenje m'chiuno, atabwera kudzakhuza maliro. A Nankhoma anali akuwapepesa kuti ndi ana asukulu amasewera. Amayi aja ananyamuka osatsanzika bwino, mmodzi akutiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinamumva akuuza anzake kuti ana a m'tauni masiku ano amakhwimira malikisi, ndipo abwera naye mnzawo kuti amupereke.

Masana amenewo ndinatsegula laputopu kuti ndione zomwe tinajambula. Apa ndi pamene nkhani ya kamera yotsika ija ikubwera. Popeza inali pamtondo, munthu uja anatuluka kuyambira m'chiuno kutsika: buluku lakhaki lopinda, mapazi opanda nsapato, manja ndi bango. Atagwada, mutu unabisika ndi mpando. Ndinamufunsa Lonjezo kuti nkhope yake inali yotani. Anati anali mkulu wa ndevu zaimvi. Ine ndinali wotsimikiza kuti anali mnyamata wa msinkhu wathu, wopanda ndevu, koma nditayesa kukumbukira mphuno kapena maso ake, m'mutu munalibe kanthu. Aliyense anaganiza kuti mnzake akunama.

Kenako ndinavala mahedifoni kuti ndimvere mawu a pafoni ija. Mawu a munthu uja analimo, mawu a Lonjezo analimo. Koma pansi pa zonsezo pankamveka kena kake kakutali, di, di, di, kenako kupuma, kenako di, di. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kulira kwa khasu panthaka youma. Ndinamupatsa Lonjezo kuti amvere, nkhope yake inasintha, koma anati ndachita kuwonjezera ndine pa laputopupo kuti ndimubwezere. Ndinatsala pang'ono kumuponyera mahedifoniwo kumaso.

Lolemba tinayenera kukhala m'kalasi, koma Fatsani sakanatha kukwera minibasi. Anali atasiya kudya. Ankangomwa madzi pang'ono n'kubwerera kutulo, ndipo kuzizira kuja kunali kutafika m'mawondo. M'mawa umenewo masamba anali pamsewu kachiwiri, ndipo panali chinanso. Pakhonde, pambali pa chitseko, panatsamira bango.

Linali lomwe lija, lodulidwa bwino kumapeto ndi kampeni. Palibe anafunika kuliyeza kuti adziwe kuti ndi la msinkhu wa yani, linkatsala pang'ono kugunda denga la khonde. Lonjezo, amene tsopano nthabwala zinali zitamuthera, analilanda n'kuliduladula pabondo, nakaponya zidutswazo m'chimbudzi. A Nankhoma ankangomuyang'ana ali chiimire ndi tsache m'manja, osamuletsa, osamuyamikira.

Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunayamba kundidya. Mwana amene anamulera akuzilala m'nyumba, koma iwo osalira, osathamangira kwa abusa, osaitana abale. Ankangolowa m'chipinda, kumukhudza pamphumi, kutuluka, n'kukaima pabwalo akuyang'ana kunsi kwa kamsewu ngati akudikira munthu. Masana ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akulankhula okha motsitsa, ndipo atandiona anasiya. Ndiye mutu wa munthu wamantha umathamanga. Ndinayamba kuwerengetsa kuti amene amadzuka tonse tisanadzuke ndi iwo, amene akudziwa mitengo yonse ya m'deralo ndi iwo, ndipo amene anafunsa kuti alipo wabwera, ngati ankayembekezera, ndi iwo omwe. Ndinakumbukiranso kuti makolo onse awiri a Fatsani anamwalira chaka chimodzi, n'kutsala iwo okha.

Ndinamukokera Lonjezo kumsewu n'kumuuza. Kwa nthawi yoyamba chifikireni tinagwirizana chimodzi. Tinapangana kuti Lachiwiri tipeze galimoto, timuchotse Fatsani pakhomopo kaya azakhali akewo afune kaya asafune. Madzulo ake nditavalanso mahedifoni, kulira kwa khasu kuja kunali kutasintha. Sikunalinso di, di wa panthaka youma. Kunkamveka mobisika, ngati wokumbayo ali kale m'kati mwa dzenje.

Lachiwiri ndinadzuka m'bandakucha, kunja kukungoyamba kuyera, n'cholinga choti ndimugwire woyala masambayo. Ndinasuzumira pakampata ka zenera. Masamba anali atayalidwa kale. Bango linali pamalo ake pambali pa chitseko, lathunthu, lopanda ndi mng'alu womwe, ngati Lonjezo sanaligwirepo. Ndipo pafupi nalo panaima a Nankhoma.

Anali atasamba, atavala chitenje chatsopano. Analitenga bango lija n'kuliimika pansi, iwo n'kuima nalo mowongoka, chidendene chili patsinde pake, ngati mwana amene akuyezedwa kusikelo. Anakweza dzanja, napapasa pamwamba pa mutu wawo, nagwira bangolo pamalo pomwepo ndi chala. Kenako anatulutsa mpeni wa kukhitchini m'chitenje, nadula. Ankalankhula chinachake, koma ndinangomva mawu awiri omalizira, akuti "ndi uwu." Analitsamiritsanso pakhoma, tsopano lili lalifupi, kachidutswa kotsalako n'kukabisa m'chiuno.

Potembenuka, maso awo anakumana ndi anga pazenera paja. Anayandikira, nanena motsitsa, "Sunaone kanthu, mwanawe. Kagone."

Ndinabwerera pamphasa ndili wotsimikiza kuti ndaona mfiti ili pantchito. Ndinamunong'oneza Lonjezo, iye n'kuyamba kulongedza zikwama. Tikudikira kuti kuche bwino, tinamva mawu kuchipinda. Anali Fatsani, akuitana azakhali ake kuti njala yamupha, kodi phala lilipo? Tinathamangirako n'kumupeza atakhala tsonga, akudzikanda m'mutu. Ndinamugwira mapazi, anali ofunda. Anamwa phala makapu awiri, napempha mbatata, dzuwa lisanafike pamutu anali akuwaza nkhuni pabwalo n'kumatiseka kuti nkhope zathu zikuoneka ngati taona mzukwa.

Mukuganiza kuti ndinasiya kuwakayikira? Ayi ndithu. Ndinati aona kuti ndawagwira, ndiye amumasula. Ndipo nditatsegula chikwama cha kamera kuti nditenge batire, ndinapeza kachidutswa ka bango kaja kali m'kati, katakulungidwa m'kansanza. Ndinafuna kukuwa. Ndinati tsopano atembenukira kwa ine, andiikira chizimba. Kukagwira ndinkaopa, kukataya ndinkaopanso, ndiye ndinangotseka zipi n'kukankhira chikwamacho kunsi kwa mpando.

Tsiku limenelo a Nankhoma sanakhale pansi. Anachapa zovala zawo zonse, anazira nyumba, anakabweza sefa ndi nkhwangwa zomwe anabwereka kwa anansi. Anamutenga Fatsani kupita naye kumunda kukamusonyeza malire, mtengo ndi mtengo, chulu ndi chulu. Pobwerako anamupatsa kachikwama ka pulasitiki momwe munali makadi ake a kusikelo, masatifiketi a kupulayimale ndi chithunzi chimodzi cha bambo ake. Fatsani anaseka n'kufunsa kuti kodi akumuthamangitsa pakhomo. Iwo anati, "Wakula, uzisunga wekha. Ine makoswe andivuta." Anatiphera nkhuku, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinanamizira m'mimba kuti ndisadye chakudya cha m'manja mwawo. Anandiyang'ana n'kumwetulira pang'ono.

Lachitatu m'mawa pamsewu panalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Nditamvera mahedifoni, khasu lija linali litasiya, kunangotsala mawu athu ndi nkhuku. Tinapangana zonyamuka masana. A Nankhoma anati tidikire atisendere mtedza wa panjira, nakhala pakhonde ndi lichero pamiyendo, atatsamira khoma pafupi ndi bango lija. Ife tinali m'nyumba kumanga katundu. Fatsani anawaitana kawiri kufunsa za sopo, osayankha. Atatuluka anapeza mutu wawo utapendekera paphewa, mtedza uli m'manja, ngati munthu amene tulo tamuba.

Za kulira kwa tsiku limenelo sindinena. Anthu a m'mudzimo anabwera, ndipo nthambi za keshya anayala ndi iwo tsopano, pamalo omwe aja ndinayala ine. Amayi ena atafuna nsalu yofunditsa thupi, anatsegula sutikesi ya malemuwo, ndipo pamwamba penipeni anapeza shiti yanga yoyera, yochapidwa ndi kusitidwa bwino. Sindinanene kuti ndi yanga.

M'mawa mwake kunabwera adzukulu enieni, amuna anayi odziwika m'mudzimo. Lonjezo anawafunsa za mnzawo wa njinga yakuda, iwo n'kuyang'anana, nati pagulu lawo palibe amene ali ndi njinga. Wamkulu wawo anatuma mnzake kuti akadule bango kudambo, koma asanapite anaona lija lili pakhonde. Analitenga, nalowa nalo m'nyumba. Sipanapite nthawi anatuluka nkhope ili gwa.

"Watenga kale muyeso ndani?" anafunsa. "Bango ili lalingana ndendende, osatsala ngakhale chala."

Apo m'pamene zonse zinandilowa m'mutu, mochedwa, ngati mmene zimachitira kwa anthu odziyesa ochenjera. Ndinakhala pansi. Mayi amene ndinamutcha mfiti, amene ndinakana nkhuku yake, anaima m'bandakucha uja n'kupereka msinkhu wake m'malo mwa wa mwana. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake filimu ija sitinaipereke.

Titaika maliro, adzukulu anasiya bangolo pambali pa mtumbira monga amachitira. Anthu atayamba kubalalika, Fatsani anatsalira, ndipo ine ndi Lonjezo tinaima chapatali kumudikira. Anawerama n'kulitola. Analitembenuza, nayang'ana podulidwa paja. Paja iye nthawi yonseyi anali mtulo, za bangolo anangomva kwa Lonjezo kuti linali lalitali kufika kudenga.

"Munati linali la msinkhu wanga," anatero, osatiyang'ana. "Analifupikitsa ndani? Ndiwe, Lonjezo?"

Lonjezo anapukusa mutu. Fatsani anatembenukira kwa ine, maso ali psuu, ndipo ndinaona kuti tsopano wokayikiridwa ndine. Anali ndi chifukwa. A Nankhoma anati sindinaone kanthu, koma kachidutswa kaja sanakaike m'chikwama changa kuti ndikataye. Ndinatsegula zipi, ndinakamasula m'kansanza kaja, n'kumuika m'dzanja.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimika bango lija pansi, iye n'kuima nalo mowongoka. Linamulekeza paphewa. Anatenga kachidutswa kaja n'kukalumikiza pamwamba, podulidwa pakugwirana bwinobwino, ndipo nsonga yake inafika pamwamba penipeni pa mutu wake.

Anaima choncho, dzanja lili m'mwamba, akugwira zidutswa ziwirizo kuti zisalekane. Kenako anaitana, osati molira, koma mmene ankaitanira akafika pakhomo kuchokera kusukulu. "Azakhali?"

Tonse atatu tinakhala chete kudikira, ngati kuti ayankha.